Kuziziritsa kompyuta ndi madzi: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kudzimangira okha

Anyamata okonza mavidiyo a maukwati, ena a masitudiyo a nyimbo, ndi ena okonda masewero a pa kompyuta akhala akutifunsa za makompyuta aja amawaona pa YouTube, okhala ndi mapaipi a madzi m'kati. Ife ntchito yathu ndi yokonza ndi kumanga makompyuta kuno ku Mulanje, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera. Tawayankha poganizira munthu wokhala konkuno, amene kachitsulo kamodzi kakasowa sangathamangire pa Chitakale kukagula.

Madzi ndi magetsi siziyenderana. Nanga madziwo amalowa bwanji mu kompyuta?

Madziwo sakhudza magetsi ayi. Amayenda m'njira yawo yotsekeka. Pamwamba pa purosesa, ubongo wa kompyuta umene umatentha ukamagwira ntchito, pamakhala chitsulo cha mkuwa chotchedwa block, m'kati mwake muli timizere ting'onoting'ono todutsamo madzi. Purosesa ikatentha, mkuwa umakoka kutenthako, madzi n'kukunyamula kudzera m'mapaipi mpaka ku radiyeta. Kumeneko mafani amauzira mpweya, kutentha n'kutulukira panja, madzi n'kubwerera ku thanki, pampu n'kuwakankhanso. Amene munaonapo dalaivala wa minibasi atatsegula injini pamtunda wa ku Thyolo akuthira madzi mu radiyeta, nzeru yake ndi yomweyo, kungoti zathuzi ndi zazing'ono ndipo sizifuna kuwira.

Ubwino wa madzi ndi wakuti amanyamula kutentha kochuluka. Kilogalamu imodzi ya madzi imasunga kutentha pafupifupi kanayi kuposa kilogalamu imodzi ya mpweya, ndipo kilogalamu ya madzi ndi lita imodzi yokha, pamene ya mpweya imafuna malo aakulu zedi.

Ndiye kuti kompyuta yanga izizizira ngati mufiriji?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Madzi sathetsa kutentha, amangokusamutsa kuchoka pa purosesa kukakutaya m'chipinda chanu. Choncho madzi a m'mapaipi sangazizire kuposa mpweya wa m'chipindamo. Makina okonzedwa bwino, akamagwira ntchito yolemera, madzi ake amakhala madigiri 10 kapena kupitirira pang'ono pamwamba pa kutentha kwa chipinda.

Tiyerekeze. Mu June kapena July, chiperoni chitatsika, phiri losaoneka n'komwe, m'chipinda muli madigiri 16, madzi anu akhala pa 26. Mu October masana, nyumba ya malata yopanda siling'i, m'chipinda muli madigiri 33, madzi omwewo akhala pa 43. Pokonza dongosolo lanu muziganizira October, osati June. Ndipo dziwani kuti chipinda chaching'ono chotseka mawindo chidzafunda chimodzimodzi, kaya mwaika madzi kaya simunaike.

Kodi ine ndikufunikiradi zimenezi?

Ambiri mwa amene amatifunsa sakufunikira. Ngati muli ndi purosesa ngati Ryzen 5 5600, ya ma watt 65, ndi graphics card (kadi yotulutsa zithunzi) ngati RTX 3060, ya ma watt 170, choziziritsira cha fani wamba chikukwanirani, ndipo ndalamazo ndi bwino mugule RAM (memore ya kompyuta) yoonjezera kapena UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima). Ngakhale mapurosesa akuluakulu, choziziritsira cha mpweya ngati Noctua NH-D15 chimagwira ntchito yabwino kwa zaka zambiri popanda chodontha.

Madzi amayamba kumveka pamene makina anu amadya magetsi ambiri kwa maola ataliatali. Core i9-13900K imafika ma watt 253, RTX 4090 imafika 450. Munthu wosiya kompyuta usiku wonse ikutulutsa vidiyo ya ukwati, kapena wa situdiyo amene safuna phokoso la mafani lizilowa mu maikolofoni, ameneyo ali ndi chifukwa. Palinso amene amangofuna kukongola kwake ndi kusangalala pomanga. Chimenechonso ndi chifukwa ndithu, bola munthu adziwe kuti akugula chosangalatsa mtima, osati liwiro loonjezera lodabwitsa.

Nanga zija amati AIO zikusiyana bwanji ndi zomanga wekha?

AIO imabwera yomanga kale: block, pampu, mapaipi ndi radiyeta zonse pamodzi, madzi ali m'kati, inu mumangomangirira. Ndi yotsika mtengo, yosavuta, koma kawirikawiri imaziziritsa purosesa yokha, ndipo pampu yake ikafa mumataya yonse. Yomanga nokha mumasankha chidutswa chilichonse, mumatha kuphatikizapo graphics card, ndipo chimodzi chikaonongeka mumasintha chomwecho. Kwa woyamba kumene amene akungofuna purosesa izizire, AIO ya radiyeta ya mafani awiri (240) kapena atatu (360) ndi njira yanzeru.

Chabwino, ndatsimikiza. Ndiyambire pati?

Yambirani papepala, musanatumize ngakhale kwacha imodzi. Lembani zinthu zitatu. Choyamba, zimene mukufuna kuziziritsa ndi ma watt ake: purosesa yokha, kapena ndi graphics card yomwe. Chachiwiri, dzina lenileni la kesi yanu (bokosi la kompyuta), motherboard (bolodi lalikulu lolumikizapo zonse), RAM ndi card, osati kungoti "ndili ndi ya Intel". Chachitatu, jambulani kesiyo mutachotsa chitseko cha pambali, muonetse pamene radiyeta ikhale, pamene thanki ikhale, ndi mzere wa paipi iliyonse kuchoka pachinthu china kupita pa chinzake.

Chojambula chimenechi ndicho chimakuuzani zogula. Mzere uliwonse uli ndi mapeto awiri, ndipo mapeto alionse akufuna fitting, kachitsulo kolumikizira paipi. Pamene mzere wakhota kwambiri pakufunika fitting yokhota. Pamene mzere wadutsa pamwamba pa RAM, dzifunseni kuti tsiku lina mukafuna kusintha RAM mudzachita kutsanula madzi onse kapena ayi. Anzathu a kunja akaiwala fitting imodzi amaitanitsa, mawa yafika. Inu mukaiwala, kompyuta ikhala yophwasula pathebulo milungu ingapo, makasitomala a mavidiyo akuimba foni.

Mfundo ina: kesi ndiyo imalamula zonse. Ngati simunagule kesi, sankhani kesi poyamba potengera maradiyeta amene mukufuna. Ngati muli nayo kale, maradiyeta agonjere kesiyo.

Radiyeta ikhale yaikulu bwanji?

Maradiyeta amatchulidwa potengera mafani amene amakwanapo. Ya 120 ndi ya fani imodzi ya mamilimita 120, ya 240 ndi ya awiri, ya 360 ndi ya atatu, ya 480 ndi ya anayi. Palinso ya mafani a mamilimita 140: 140, 280 ndi 420.

Muyeso umene omanga ambiri amayendera ndi wakuti mamilimita 120 a radiyeta pa ma watt 100 alionse. Ndiye ngati purosesa yanu imatulutsa ma watt 150 ndipo card ndi RTX 3080 ya ma watt 320, mwafika 470, kutanthauza kuti 360 imodzi ndi 240 imodzi ndiye poyambira. Kwathu kuno, chifukwa cha kutentha kwa October ndi November, ife timalangiza kuonjezerapo ngati malo alipo. Maradiyeta awiri a 360 pa makina otere si kuononga ndalama. Radiyeta ikachuluka mafani amazungulira pang'onopang'ono, phokoso limachepa, fumbi lokokedwa limachepanso.

Za kunenepa kwake, alipo a mamilimita 30, 45 ndi 60. Wonenepa amathandiza pang'ono, koma sangapose kuonjezera radiyeta ina yopyapyala, ndipo amafuna mafani amphamvu kuti mpweya ubowole. Kwa ambiri, 30 ndi yokwanira.

Pa intaneti alemba kuti kesi yanga imalowa radiyeta ya 360. Ndingokhulupirira?

Khulupirirani theka, theka linalo yezani nokha ndi tepi. Radiyeta ya 360 kutalika kwake kwenikweni kumayandikira mamilimita 400, chifukwa kumapeto kwake kuli timatanki momwe mapaipi amalowera. Kunenepanso muphatikize ndi fani: radiyeta ya 30 ndi fani ya 25 zapanga 55. Mukaiika padenga la kesi, mamilimita 55 amenewo amatsikira pansi, ndipo angathe kugunda RAM yaitali ija ya magetsi owala, kapena zitsulo za pamwamba pa motherboard, kapena waya wa mapini 8 wopita ku purosesa. Mukaiika kutsogolo, imadya malo a graphics card, ndipo thanki imene mumati muiike pamenepo imasowa pokhala.

Chinanso, kesi ikati imalowa 360 pamwamba ndi 360 kutsogolo, si nthawi zonse pamene awiriwo amakwana limodzi. Pakona pamene amakumana pamatha kupanikizana mpaka fitting kusowa polowera.

Njira yotsika mtengo ndi iyi. Pemphani katoni yopanda kanthu ku golosale, mudule ndi kumata bokosi la muyeso weniweni wa radiyeta pamodzi ndi mafani ake, miyeso yake mutaitenga patsamba la opanga. Pangani lina la thanki ndi pampu. Lowetsani mabokosiwo mu kesi, motherboard, RAM ndi card zili m'malo mwake, kenako mutseke chitseko cha pambali. Mukamva katoni ikukhwinyata, mwapulumutsa ndalama zambiri. Pomwepo tengani chingwe muyendetse monga paipi idzayendere, muone kutalika kwake.

Alipo makesi opangidwira ntchito imeneyi, monga Lian Li O11 Dynamic imene imalandira maradiyeta atatu a 360, kapena makesi akuluakulu a Fractal Design. Makesi aja a makompyuta a mu ofesi, a Dell ndi HP ogula akale, musavutike nawo.

Pampu ndi thanki ndisankhe zotani?

Mapampu odziwika ndi awiri, D5 ndi DDC. Makampani ambiri monga EKWB, Alphacool ndi Corsair amagulitsa mapampu a mitundu imeneyi ataika dzina lawo. D5 ndi yokulirapo, siichita phokoso kwambiri, ndipo imaziziritsidwa ndi madzi omwe ikukankhawo. DDC ndi yaing'ono, imakankha mwamphamvu, koma imatentha, choncho imafuna mpweya pansi pake. Ngati malo alipo, tengani D5. Pampu ndi chinthu chimodzi chimene sitilangiza kufunafuna yotchipa yopanda dzina, pakuti ikaima zonse zaima.

Gulani pampu yolumikizana kale ndi thanki, muchepetse ma fitting ndi malo odonthera. Lamulo lalikulu ndi lakuti thanki ikhale pamwamba pa pampu kuti madzi azitsikiramo okha. Pampu imeneyi madzi ndiwo mafuta ake. Ikazungulira youma ngakhale kwa kanthawi kochepa imaonongeka. Kukula kwa thanki sikuonjezera kuzizira, kumangofewetsa ntchito yothira madzi. Onetsetsani kuti pamwamba pake patsala mpata wolowetsa botolo lothirira.

Madzi ayambe afika ku purosesa kapena ku graphics card?

Zilibe kanthu kwenikweni. Madzi amathamanga kwambiri moti kutentha kwake kumakhala pafupifupi kofanana paliponse. Akamayenda malita 200 pa ola, makina otulutsa ma watt 400 amawatenthetsa ndi madigiri osafika 2 paulendo umodzi. Sankhani njira yaifupi ndi yooneka bwino. Zoti musaphonye ndi ziwiri zokha: thanki idyetse pampu mwachindunji, ndipo block ya purosesa ili ndi khomo lolowera ndi lotulukira, olembedwa IN ndi OUT.

Mapaipi ofewa kapena olimba aja oongoka bwino?

Olimba ndi amene amakopa maso. Amapangidwa ndi pulasitiki ya PETG kapena ya acrylic, kawirikawiri a mamilimita 12, 14 kapena 16, ndipo amapindidwa ndi chida chouzira mpweya wotentha mutalowetsa chingwe cha silikoni m'kati kuti paipi isaphwatalale. Zimafuna zida, kuleza mtima ndi mapaipi ambiri otaya pophunzira. PETG ndi yosavuta kupinda koma imafewa madzi akatentha kwambiri, ndipo ikafewa imatha kusololoka mu fitting. M'chipinda chotentha cha kuno imeneyi si nkhani yoseka. Acrylic imapirira kutentha koma imasweka msanga.

Kwa ulendo woyamba tengani ofewa. Mumadula ndi chodulira wamba, mukalakwitsa mumadulanso, ndipo mutha kusuntha block pang'ono osatsanula madzi. Miyeso yake imalembedwa ndi manambala awiri, monga 10/13 kapena 10/16: yoyamba ndi m'kati, yachiwiri ndi kunja. Ya 10/16 ili ndi khungu lochindikala, siipindika n'kutseka madzi pokhota. Ofewa oonekera m'kati amachita mbuu pakapita nthawi ndipo amataya timankhwala tina m'madzi. Akuda a rabala ya EPDM sakongola mofanana, koma amakhalitsa zaka.

Paipi ija yoonekera ya mu hadiweya, imene amisiri omanga amayezera levulo, musaiyese. Muyeso wake sugwirizana bwino ndi ma fitting.

Ma fitting ndigule angati?

Chinthu chilichonse chimafuna awiri. Block ya purosesa, block ya card, maradiyeta awiri, ndi pampu yokhala ndi thanki yake, zinthu 5, ma fitting 10. Onjezerani okhota a madigiri 90 ndi 45 malinga ndi chojambula chanu, kenako valavu yotsanulira madzi, kolumikizira kake ka njira zitatu, ndi zotsekera mabowo otsala. Pamwamba pa zonsezi gulani awiri apadera, okhota awiri apadera, ndi timarabala ta O-ring.

Mazinga ake pafupifupi onse ndi a muyeso umodzi wotchedwa G1/4, choncho fitting ya Barrow kapena Bykski imalowa pa radiyeta ya Alphacool popanda vuto. Chimene chiyenera kugwirizana ndendende ndi fitting ndi paipi. Fitting ya 10/13 siigwira paipi ya 10/16, ndipo ya paipi yofewa siigwira paipi yolimba. Pomanga, mangani ndi dzanja basi. Chimatseka madzi ndi O-ring, osati mphamvu, ndipo pulayala imang'ambula chivundikiro cha acrylic cha block.

Block ya graphics card ndi imodzi pa card iliyonse?

Ayi. Block ya purosesa imangoyendera socket, malo olowetsapo purosesa pa motherboard, monga AM4, AM5 kapena LGA1700. Ya card ndi yovuta. RTX 3080 ya ASUS, ya MSI ndi ya Gigabyte zili ndi chip imodzi koma mabolodi ake ndi osiyana, ndipo block imadulidwa molingana ndi bolodi. Werengani dzina lonse lolembedwa kuseri kwa card yanu mulifananitse ndi mndandanda wa opanga block. Kwa amene munagula card yogwiritsidwa kale ntchito, fufuzani kaye ngati block yake ikupezekabe. Zina zinasiya kupangidwa. Kumbukiraninso kuti poika block mumaphwasula card yonse, ndipo ngati ili pa waranti, ena ogulitsa sadzailandiranso.

Ankolo anga ndi makaniko pa Luchenza, ali ndi radiyeta yaing'ono ya galimoto. Singagwire?

Funso limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo nzeru yake si yoipa. Vuto ndi chitsulo. Maradiyeta ambiri a magalimoto a masiku ano ndi a aluminiyamu, pamene ma block ndi a mkuwa. Zitsulo ziwirizi zikakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu imayamba kudyeka, zinyenyeswa zake zimakatseka timizere ta mu block, ndipo mapeto ake radiyeta imabooka. Mkuwa, brass ndi mkuwa wokutidwa ndi nickel zimakhalira limodzi bwinobwino. Aluminiyamu ikhale payokha. Samalani pogula pa intaneti: radiyeta yotchipa modabwitsa nthawi zambiri imakhala ya aluminiyamu, ndipo amalemba zimenezo ndi timalemba ting'onoting'ono. Ankolowo muwathokoze, koma radiyeta yawo ikhale ku galaja.

Madzi a Likhubula ndi oyera mbee. Sindingathire amenewo?

Kuyera m'maso si kuyera kumene kukufunika pano. Madzi a mumtsinje ali ndi tizilombo ndi mbewu za ndere, ndipo m'mapaipi ofunda ndere zimakula mosangalala. A pa mjigo ali ndi mchere wa m'nthaka umene umatsala pa zitsulo ngati choko. A pampopi ali ndi klorini. A m'botolo akumwa alinso ndi mchere wake. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma mcherewo umatsala. A mvula amatsuka denga ndi fumbi lake lonse asanafike mu ndowa.

Ofunika ndi madzi a distilled, ochotsedwa mchere wonse, kapena madzi opangidwira kale ntchitoyi amene amagulitsidwa m'mabotolo a lita imodzi. Popeza kutumiza zamadzimadzi kuchokera kunja n'kovuta ndi kolemera, njira yabwino ndi kuitanitsa kabotolo kakang'ono ka mankhwala osungunula, amene amapha ndere ndi kuteteza zitsulo, n'kusakaniza ndi distilled wogula konkuno motsatira muyeso wolembedwa pa kabotolopo. Distilled amapezeka m'mashopu a zipangizo za magalimoto ngati madzi a batire, komanso m'mafamase ena. Werengani bwino botolo: madzi othira mu batire ndi asidi wa batire zimaikidwa pashelefu imodzi. Pezani malita 5, pakuti ambiri athera kutsuka. Makina enieniwo amadya lita imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Radiyeta yatsopano muitsuke musanaimange. Thiranimo distilled wofunda, tsekani mabowo, khutchumulani, tsanulirani mu mbale yoyera. Mudzaona tizinyalala takuda totsala popanga. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera.

Mankhwala a mu radiyeta ya galimoto ena amagwiritsa ntchito atasungunula kwambiri, koma sagwirizana ndi PETG, ndipo ndi poizoni wotsekemera, woopsa panyumba ya ana ndi agalu. Sipiriti nayonso isayandikire acrylic, imaichititsa ming'alu.

Ndikathiramo ayezi kapena madzi a mufiriji sizingazizire koposa?

Musayese. Botolo lochokera mufiriji limachita thukuta kunja kwake, ndipo mapaipi ndi block zidzachitanso chimodzimodzi, thukutalo n'kudonthera pa motherboard. Ndi chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri, makamaka nyengo ya mvula, zimenezi zimachitika msanga. Madzi a makina wamba sachita thukuta chifukwa amakhala ofunda kuposa mpweya.

Nanga madzi a mitundu aja?

Oonekera m'kati okhala ndi utoto pang'ono alibe vuto lalikulu, kungoti amadetsa mapaipi. Oderera aja ooneka ngati mkaka wa mitundu amakongola pazithunzi, koma tinthu timene timawapatsa mtunduwo timadikha n'kutseka block. Ngati kompyutayo ndi yodyera, thirani oyera, mtundu muupeze ku magetsi a mafani.

Ndidziwa bwanji kuti sizikudontha ndisanayatse kompyuta?

Apa musafulumire. Zulani mawaya onse a power supply (kabokosi kogawa magetsi mu kesi) opita ku motherboard, card ndi ma disk, patsale wa pampu yokha. Power supply imayatsidwa payokha polumikiza pini ya PS_ON, imene pa mawaya a mitundu imakhala ya waya wobiriwira, ndi pini ya waya wakuda pa pulagi ya mapini 24. Pali kachida kotchipa kochitira zimenezi; kaikeni pamndandanda wa zogula. Yalani tishu yoyera pansi pa fitting iliyonse ndi pamwamba pa card.

Dzazani thanki, yatsani, madzi akatsika zimitsani thanki isanaume, dzazaninso. Bwerezani mpaka madzi azungulire n'kubwerera. Poyamba pampu imalira ngati ikutafuna mchenga chifukwa cha thovu. Pendeketsani kesi uku ndi uku kuti mpweya wobisala mu radiyeta utuluke. Kenako isiyeni ikuzungulira maola ambiri, ena amasiya usiku wonse, muzibwera kudzagwira tishu uja. Dontho limodzi limaoneka bwino pa tishu youma.

Njira ina yabwino koposa ndi kachida kopopera mpweya m'mapaipi musanathire madzi. Mumapopa mpaka pafupifupi 0.5 bar, n'kudikira mphindi 15. Muvi wa pa kachidako ukatsika, pena pake pakutuluka mpweya.

Ena amati distilled sagwira magetsi, ndiye akadontha palibe vuto. Zimenezo n'zoona ali m'botolo. Akazungulira masiku angapo m'zitsulo amayamba kugwira magetsi ngati madzi ena onse.

Magetsi akazima mwadzidzidzi chimachitika n'chiyani?

Ku mbali ya madzi palibe choopsa. Pampu imaima, purosesa nayo imaima, kutentha kotsala kumamwedwa ndi block. Ngati muli pa UPS kapena inveta ya sola, pampu imangoonjezera ma watt pafupifupi 20.

Choopsa ndi pampu kuima kompyuta ili moyaka. Mapurosesa a masiku ano amadziteteza: Ryzen 7000 yambiri imadzichepetsa liwiro pa madigiri 95, ya Intel yambiri pa 100. Koma madzi a mu block amakhala atatentha kale, mapaipi n'kufewa. Lumikizani waya wowerenga liwiro la pampu pa CPU_FAN, polumikizira fani ya purosesa pa motherboard, kuti BIOS, pulogalamu ya mu motherboard, izikuchenjezani pampuyo ikaima. Ngati motherboard yanu ili ndi polumikizira kachida koyeza kutentha, gulani kachida kolowa pa G1/4, ndipo liwiro la mafani liziyendera kutentha kwa madzi. Mukatero mafani sadzangolira n'kusiya, kulira n'kusiya, nthawi iliyonse mwatsegula pulogalamu. Mapampu ambiri amalembedwa malire a madigiri 60, koma ife madzi akadutsa 45 timayamba kufufuza chifukwa.

Fumbi la chilimwe silitseka radiyeta?

Limatseka, ndipo kwa amene muli m'mbali mwa msewu wafumbi ndiye mdani wamkulu kuposa kudontha. Timapepala ta chitsulo ta radiyeta ndi tothithikana, fumbi limamatirira n'kupanga chinthu ngati bulangeti. Ikani zosefera pa mafani onse okoka mpweya, ndipo okoka achuluke pang'ono kuposa otulutsa kuti fumbi lisalowere m'mipata. Kompyuta ikhale pathebulo, isakhale pansi pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse. Isakhalenso pawindo pomwe dzuwa limaomba thanki, chifukwa kuwala kumalimbikitsa ndere. Mafani sankhani olembedwa kuti ndi a static pressure, opangidwira kukankha mpweya pa malo othina.

Ndikamaliza kumanga ndiye kuti basi?

Ayi. Madzi amasinthidwa kamodzi pa miyezi 6 mpaka 12, ndipo tsiku limenelo ndi pamene mudzayamike valavu ija. Iyenera kukhala pa malo otsikitsitsa a njira yonse ya madzi, ndipo malo ake muwaganizire pojambula pomwe, osati mutamanga kale. Popanda valavu, kutsanula kumatanthauza kunyamula kesi yolemera n'kuipendeketsa pa beseni mukuzula paipi pafupi ndi motherboard. Sabata iliyonse ponyani diso pa thanki. Madzi kutsika pang'ono masiku oyambirira ndi thovu likutuluka, koma akamapitirira kutsika fufuzani.

Zonsezi ndizipeza kuti, ndipo ndikonzekere ndalama zochuluka bwanji?

Mafani, phala la pa purosesa ndi ma AIO mutha kufunsa m'mashopu a makompyuta ku Limbe ndi Blantyre. Ma block, ma fitting, pampu ndi maradiyeta a mkuwa konzekerani kuitanitsa kunja, kaya ku China, ku Ulaya, kapena kudzera mwa achibale a ku Johannesburg. Mitengo imasinthasintha ndi mphamvu ya kwacha, choncho werengerani tsiku lomwe mukugula, ndipo pamwamba pa mtengo wa katundu muonjezere wa kutumiza ndi msonkho wa MRA. Makina athunthu a purosesa ndi card amatha kudya ndalama zokwana kugula graphics card ina yabwino.

Itanitsani zonse nthawi imodzi. Ngati mukutuma wachibale, mutumizireni dzina lonse la chinthu, muyeso wake ndi chithunzi, chifukwa kwa munthu wosadziwa, fitting ya 10/13 ndi ya 10/16 zimaoneka zofanana. Ndalama zikachepa, yambani ndi purosesa yokha koma mugule pampu yabwino ndi radiyeta yaikulu. Card mudzaionjezera chaka china ndi block imodzi, ma fitting awiri ndi kachidutswa ka paipi. Choziziritsira chakale cha purosesa ndi cha card musagulitse, zisungeni m'katoni. Pampu ikadzafa mudzabwezeretsa zimenezo podikira ina.

Nthawi zina ndimanyamula kompyuta kupita nayo ku Blantyre kukagwira ntchito. Zitheka?

Zitheka, koma ngati ndi kawirikawiri ganizaninso bwino, mwina AIO kapena choziziritsira cha mpweya ndi chimene chikukuyenerani. Kesi yokhala ndi maradiyeta awiri a mkuwa ndi madzi ake imalemera kwabasi, ndipo card yokhala ndi block imakoka pa motherboard galimoto ikamadumpha mabampu. Pa ulendo wotere tsanulani madzi, tsekani mabowo onse a thanki, ikani chochirikiza pansi pa card, ndipo kesiyo muigoneke chagada, motherboard ili pansi. Mu minibasi musalole kondakitala aiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a nanazi. Ilipirireni mpando wake. Mukafika, gwirani fitting iliyonse ndi dzanja, thirani madzi, yalani tishu, muyese ndi pampu yokha monga tsiku loyamba musanalumikize motherboard.